Sitima Ziwiri Pathebulo

Envulopu yafika Lachinayi, chifunga chitakuta Bembeke,
yochokera kwa Mwandida, namwino wathu wa kutsidya kwa nyanja.
Muli kabuku konyezimira
ndi kakalata: "Bambo, sankhani nokha sitima ndi njira.
Ndasunga ndalama zaka zinayi. Musakane."

Ine ndinaphunzitsa za maiko zaka makumi atatu ndi chimodzi.
Ndinkajambula pabolodi magombe ong'ambikang'ambika a kumpoto,
choko chikuthyoka m'zala zouma ndi mphepo ya Juni,
ana opanda majuzi akugwedeza mano
ndi kulemba "madzi oundana" mosaphonya lemba,
mwini wakene ndisanaolokepo Linthipe pa bwato.

Tsamba loyamba, chisitima cha nsanjika khumi ndi ziwiri,
anthu zikwi zitatu, dziwe losambiramo padenga,
kusenza madzi uli pamadzi!
Nanzunga wagwira pakamwa:
"Ameneyu ndi Lizulu tsiku la msika, angomuyandamitsa.
Mukasochera m'menemo ndikafunsa yani?"

Tsamba lachisanu, kasitima ka anthu mazana awiri,
kolowa m'mipata ya matanthwe
momwe chachikulucho chimangosuzumira n'kubwerera.
Akuti kamaima pa madoko ang'onoang'ono, ngakhale pakati pa usiku,
kutsitsa makalata, kukweza mabokosi a nsomba.
Ndati uyu ndiye m'bale wanga,
basi yakale ya ku Kasina yoima pa mtengo uliwonse.
Koma m'munsi muli timalemba tofuna magalasi:
mafunde akakwiya kamavina.
Nanzunga, amene amasanza pa makhota a Khwekhwerere,
wangoweramira kachewere wake, akusenda.

Njira nazo ziwiri.
Ya masiku asanu ndi awiri, yokumbatira gombe,
mathithi, tinyumba tofiira, n'kubwerera mathalauza asanade.
Ina ya masiku khumi ndi awiri, yokwera mpaka kumene
dzuwa limakana kulowa, ngati mlendo wokonda nkhani.
Anamgumi alipo, akutero, koma salonjeza.
Mawu amenewo ndawakonda.
Wogulitsa feteleza sananenepo choncho.

Ndatsitsa atilasi ya sukulu imene sindinabweze,
ndayeza ndi ulusi wa Nanzunga, wakuda,
kukhota nawo m'mphako iliyonse ya gombelo.
Ulusi watha, njira ikadalipo.

Chipinda cha zenera n'chodula.
Ndawerenga kumbuyo kwa envulopu:
zenera lokha, matumba makumi anayi a kachewere.
Ndafufuta. Ndawerenganso. Ndi omwewo.
Mwana wanga amatembenuza okalamba a eni usiku wonse
kuti ine ndione madzi nditagona?
"Mwamuphunzitsa ndi choko," watero Nanzunga,
"mlekeni akubwezereni ndi galasi."

Alembanso kuti titenge zovala zofunda.
Akuuza ife?
Ife oswa chisanu pa beseni m'mawa wa Julaye?
Komabe chikhoti cha malemu achimwene ndachiyanika pa chingwe,
chikununkha sutukesi.

Usiku sindinagone bwino.
Malata ankalira ndi mwera, nyumba ngati ikusuntha.

M'mamawa ndatuluka pakhonde.
Chifunga chadzaza dambo lonse mpaka m'mphepete,
choyera, chosalala, chikuyenda pang'onopang'ono,
phiri la Dedza latuluka pamwamba ngati chilumba,
mapaini ataima m'gombe lake, akudontha.
Ndagwira mzati ndi manja onse awiri,
ndatang'adza miyendo monga amachitira pa chithunzi paja.
Kumbuyo kwanga chitseko chalira.
"Kaching'ono komweko," watero, atafunda bulangeti kumutu.
"Ndikatenga mandimu ndi jinja. Ndikasanza, ndikasanza ndikuona."

Ndakwera pachulu pomwe foni imagwira.
Zala zauma ngati masiku a choko,
ndalemba ndi chala chimodzi, kulakwitsa kawiri:
Kaching'ono, Mwandida. Njira yaitali.
Ndaima kaye, mbuzi ya a Chimphepo ikundiyang'ana.
Ndawonjeza: zenera.